Sayileji wa udzu: ng'ombe imapindula ndi chimene yagaya

 Ndikudziwa kuti mwezi uno wa Januwale munthu sachoka kumunda mwachisawawa. Ena mwasiya khasu pamzere ku Khombedza, ena mwasiya mpunga ku Lifuwu, ena mwakwera kabaza kuchokera ku Chipoka ndi ku Tembwe. Ndiyesetsa kuti ulendo wanu usapite pachabe.

Kuno ku Salima udzu sitisowa. Mvula ikangokhazikika mu Disembala, msipu umatuluka m'madambo ndi m'mbali mwa Linthipe, Lilongwe ndi Lifidzi, ndipo pofika mu Febuluwale mbusa amabisika mu udzu womupitirira msinkhu. Ngakhale ku Kuti, kumene lero kukusungidwa nyama zakutchire, kale inali famu ya ng'ombe. Koma bwerani mu Okutobala, dzuwa la kunyanja kuno litafika pachimake. Ng'ombe yomweija mumaiwerenga nthiti muli patali, linunda lagwera kumbali, mkaka waphwa, ndipo ya pangolo ikukanika kukoka migolo iwiri ya madzi. Udzu wotsala ndi wouma gwa, ndipo wina anautentha kale osaka mbewa. Chaka ndi chaka ng'ombe zathu zimanenepa miyezi inayi, n'kubweza thupi lonselo m'miyezi yotsalayo.

Njira imodzi yotengera udzu wa mu Febuluwale kukaufikitsa mu Okutobala ndi sayileji. Kwa amene mukumva dzinali koyamba, sayileji ndi udzu wauwisi woduladula, wotsenderedwa m'dzenje, mu mgolo kapena m'thumba, n'kutsekedwa kuti mpweya usalowe, mpaka usase m'malo mowola. Si luso la dzulo. Mlimi wina wa ku France, Auguste Goffart, analemba buku la njira imeneyi mu 1877. Ambiri mwa inu munaonapo dzenje lotere pa chionetsero, ndipo ena munayesako. Ndamvanso madandaulo anu: tinakumba, tinathira, tinakwirira, ng'ombe zinadya, koma mkaka sunakwere. Lero ndabwera kudzayankha dandaulo limeneli.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, mmene ng'ombe imagayira udzu. Yachiwiri, tsiku lomweta. Yachitatu, zimene zimatayika m'dzenje. Yachinayi, kadyetsedwe. Zonsezi zamangidwa pa mawu awiri amene ndiziwabwereza mpaka mutope nane: ng'ombe imapindula ndi chimene yagaya, ndipo dzenje limangosunga, siliwonjezera.

Mfundo yoyamba, mmene ng'ombe imagayira udzu.

Amene munaimapo pomwe akutumbula ng'ombe mukudziwa kuti chifu chake chili ndi zigawo zinayi, ndipo chachikulu ndi chija chokhakhala mkati, chodzaza ndi udzu wobiriwira wofunda. Mu ng'ombe yaikulu ya mkaka, chigawo chimenechi chimalowa malita oposa 100. Chodabwitsa n'chakuti ng'ombe payokha siitha kugaya ulusi wa udzu. Ntchitoyo imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'chifumo, makamaka mabakiteriya, ochuluka mabiliyoni mu supuni imodzi ya madzi a m'chifu. Ng'ombe imameza udzu, kenaka imagona pamthunzi n'kumabzikula kuti uphwanyike, tizilombo tija timamatirira pa tizidutswato n'kumatisungunula. Potero timatulutsa maasidi amene amalowa m'magazi kudzera pakhoma la chifu, ndipo maasidi amenewa ndiwo amapereka pafupifupi magawo 70 pa 100 a mphamvu zonse za ng'ombe. Pamapeto pake tizilombo tomweto timakokoloka kupita kumatumbo, kumene ng'ombe imatigaya ngati mapuloteni ake. Choncho pamene mukuthira chakudya m'chodyera, oyamba kudya ndi tizilomboti. Tikakhuta ito, ng'ombe yakhuta. Tikafooka ito, ng'ombe imaonda ili ndi mimba yodzaza.

Akatswiri amayeza kagayidwe m'njira yosavuta kuimva. Amaumitsa chakudya n'kuchiika pasikelo, kenaka amatola ndowe zonse za ng'ombeyo, kuziumitsa n'kuziyezanso. Ngati yadya makilogalamu 10 ouma ndipo ndowe zouma zakwana makilogalamu 4, ndiye kuti yagaya 6, kapena tinene magawo 60 pa 100. Mu 1963 akatswiri awiri a ku England, Tilley ndi Terry, anapeza njira yochitira zomwezi m'botolo, pothira madzi a m'chifu pa udzu woperapera kwa masiku awiri, kenaka madzi ogayira onga a m'mimba kwa masiku ena awiri. Mpaka lero ophunzira za ziweto, kuphatikizapo ana athu a ku sukulu ya zaulimi ya Bunda, amaiphunzira njira imeneyi.

Tsopano tiwerengere limodzi, ndipo achinyamata muli ndi mafoni mundithandize. Titenge ng'ombe ya mkaka ya makilogalamu 400. Kuti ingokhala ndi moyo, kupuma, kuyenda ndi kubzikula, imafuna pafupifupi makilogalamu 3 a chakudya chogayika patsiku. Lita iliyonse ya mkaka imafuna gawo limodzi mwa magawo atatu a kilogalamu pamwamba pake. Tiipatse sayileji wa udzu wanthete, wogayika magawo 60 pa 100. Itha kudya makilogalamu 10 tikachotsera madzi. Yagaya 6. Chotsanipo 3 a thupi, atsala 3, ndiwo malita 9 a mkaka. Tsopano tiipatse sayileji wa udzu wokhwima, wogayika magawo 45 pa 100. Apa pali msampha umene ambiri sauona. Udzu wovuta kugaya umachedwa kuchoka m'chifu, ndipo chifu chikadzaza ng'ombe imasiya kudya ngakhale ili ndi njala. Ndiye m'malo mwa 10 idya mwina 7. Magawo 45 pa 100 a 7 ndi makilogalamu 3 ndi kanyenyeswa. Onsewo apita ku thupi. Mkaka uchokera kuti? Uchokera pamsana pa ng'ombeyo, mpaka nthiti zioneke.

Taonani kuti kagayidwe katsika pang'ono chabe, kuchoka pa 60 kufika pa 45, koma mkaka wachoka pa malita 9 kufika pa ziro. Mwaluza kawiri: yadya zochepa, ndipo pa zochepazo yagayanso zochepa. Ng'ombe imapindula ndi chimene yagaya.

Pali chinanso. Tizilombo tija timafuna mapuloteni kuti tiswane. Mapuloteni a m'chakudya akatsika kupyola magawo 7 pa 100, timachepa, ntchito imayenda pang'onopang'ono, ng'ombe imachepetsanso kudya. Udzu wanthete wa panthaka yachonde umakhala ndi magawo 10 mpaka 15. Udzu wouma woima kutchire mu Seputembala umatsika mpaka 3, mwina kucheperapo. Ng'ombe yokamidwa imafuna 13 kapena kuposa.

Sikelo ya akatswiri mulibe, koma khola muli nalo. Mawa m'mawa kaimeni kumbuyo kwa ng'ombe zanu. Ndowe za ng'ombe yogaya bwino zimagwa phwa, n'kuyala mozungulira, zofewa, zokhala ndi kadzenje pakati. Za ng'ombe yodya zokhwima zimagwa zolimba, zosanjikizana mizeremizere, zimaima osaphwasuka. Tapani pang'ono, ikani pa sefa yakale, tsirani madzi. Mukaona timitengo ta udzu totalika ngati chala chakuphazi, dziwani kuti chimenecho ndi chakudya chimene munachisenza pamutu, ng'ombe inachitafuna, koma chadutsa osasiya kanthu.

Mfundo yachiwiri, tsiku lomweta. Pano ndikhalitsapo, chifukwa nkhani yonse yagona apa.

Udzu ukamakula umasintha thupi. Uli wanthete umakhala masamba okhaokha, ofewa, amadzi, a shuga ndi mapuloteni. Ukayamba kukonzekera kumasula umatalikitsa tsinde, ndipo kuti tsindelo liime pamphepo umalilimbitsa ndi chinthu chotchedwa lignin, chomwechija chimene chimalimbitsa mtengo. Tizilombo ta m'chifu sititha kugaya lignin. Choipa kwambiri n'chakuti amakutanso ulusi wabwino umene tikanagaya, n'kuutsekera mkati. Alimi a ku Ireland ndi ku Britain amauzidwa kuti udzu wawo ukangomasula, kagayidwe kake kamatsika ndi theka la gawo tsiku lililonse, ndiye kuti magawo atatu kapena kuposa pa sabata. N'chifukwa chake kumeneko tsiku lomweta amalidikira ngati tsiku la malipiro.

Ifetu tili pamalo ovutirapo. Mu 1970 akatswiri a ku Australia, Minson ndi McLeod, atayerekeza udzu wa m'maiko otentha ndi wa m'maiko ozizira, anapeza kuti wa kotentha umatsalira ndi magawo pafupifupi 13 pa kagayidwe, ndipo chifukwa chachikulu ndi kutentha kumene. Kutentha kumafulumizitsa udzu kukhwima ndi kuchulutsa lignin. Salima ali pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, Lilongwe wapitirira 1,000, tauni ya Dedza ili cha m'ma 1,600. Nsenjere ya kuno imathamanga kuposa ya ku Dedza, ndipo imakalambanso msanga kuposa ya ku Dedza. Mlimi wa kumapiri akachedwa sabata imodzi amaluza pang'ono. Ife tikachedwa sabata yomweyo timaluza zambiri. Alangizi, mukamawerenga timabuku tolembedwa ndi anzathu a kumtunda, muzikumbukira kusiyana kumeneku.

Amayi ali muno andichitire umboni. Mukafuna kufutsa nkhwani kapena khwanya, mumatchola masamba ati? Anthete. Palibe mayi amene amadikira kuti masamba akhakhale, achite chikasu, n'kumati ndikawafutsa afewa. Mfutso umasunga ndiwo mmene zinalili tsiku lotchola. Dzenje la sayileji ndi chimodzimodzi. Mukaikamo udzu wogayika magawo 60, mukachita bwino mudzatulutsa wa 57 kapena 58. Mukaikamo wa 45, ngakhale mutsendere ndi thirakitala, ngakhale mugule pulasitiki wokwera mtengo, simudzatulutsa wa 60. Dzenje limangosunga, siliwonjezera. M'mera mpoyamba.

Nanga tsikulo ndi liti? Nsenjere imwetedwe ikakwanitsa masabata 6 mpaka 8 chiphukireni, itafika pakati pa chiuno ndi chifuwa cha munthu wamkulu, mita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Thyolani tsinde ndi manja. Likathyoka thyo, mkati muli moyera ndi mwamadzi, nthawi ndi imeneyo. Likamapindika, likufuna chikwanje, masamba a m'munsi auma, mwachedwa. Udzu wa Rhodes ndi udzu wa mtundu wa Panicum, monga uja unatenga dzina la Ntchisi, umwetedwe pamene ngala zoyamba zangoyamba kusuzumira, munda usanayere ndi maluwa. Udzu wachilengedwe wa m'dambo nawo lamulo ndi lomwelo. Koma tsekera wa mu Epulo, wotalika kuposa denga, musavutike naye. Ameneyo ndi wofolerera nyumba.

Ndikudziwa chimene chimatinyenga. Nsenjere ya miyezi inayi imadzaza ngolo msanga, dzenje limadzaza tsiku limodzi, mtima umakhala pansi. Ya masabata asanu ndi awiri imaoneka yochepa, ndipo munthu umamva chisoni kuidula ikadakula. Koma nsenjere ukaimweta imaphukanso. Mukadula kumapeto kwa Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, n'kusiya chitsa chotalika ngati chikhatho, mudzadulanso kumapeto kwa Malichi, ndipo m'dimba mudzapitiriza. Mitolo iwiri yanthete iposa mtolo umodzi waukulu wa mitengo. Musapitirirenso mbali inayo n'kumamweta ya masabata atatu, chifukwa imeneyo ndi madzi okhaokha, ndipo chitsa chimafooka. Ndipo mukamweta, bwezerani manyowa a m'khola pamizere. Mapuloteni a mu udzu amachokera m'nthaka. Nsenjere ya pamchenga wosathira kanthu, ngakhale yanthete, imakhala yotuwa ndi yosauka.

Wina anena kuti, a mlangizi, mukuti timwete udzu mu Febuluwale, nthawi imene tikubandira chimanga, tikupopera thonje, m'nkhokwe mulibe kanthu ndipo ena tili paganyu? Funso limeneli ndi loona ndipo sindilipeputsa. Ndiye chifukwa chenicheni chimene sayileji wambiri m'dziko muno amapangidwa mochedwa: mlimi amadikira kuti manja apepuke, ndipo manja akamapepuka mu Epulo udzu wapita kale. Mankhwala ake ndi awiri. Dzenje likumbidwe m'chilimwe, pulasitiki agulidwe nthawi ya zokolola ndalama ikadali m'thumba, kuti mu Febuluwale itsale ntchito ya masiku awiri basi. Ndipo masiku awiriwo agwiridwe pagulu, lero kwa uyu, mkuja kwa uyo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma tsikulo lisasunthidwe. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mwina mukufunsanso kuti bwanji osangoumitsa udzuwo. Kuumitsa n'kwabwino ndipo n'kotchipa, koma kumafuna masiku atatu kapena anayi opanda mvula. Mu Febuluwale masiku otere ndi amwayi. Pamene thambo layera mu Meyi, udzu wakhwima. Ubwino wa sayileji ndi umenewu: amakulolani kusunga udzu pa nthawi imene uli ndi chakudya chambiri, mvula ikugwa.

Mfundo yachitatu, zimene zimatayika m'dzenje.

Mwamweta pa tsiku lake. Tsopano ntchito ndi kuteteza chimene mwapeza. Pa masamba a udzu uliwonse pamakhala mabakiteriya a mitundu yambiri. Ena mwa iwo, mpweya ukasowa, amadya shuga wa mu udzu n'kutulutsa asidi yemweyo amene amasasitsa chambiko. Asidi akachuluka, muyeso wa kuwawasa wotchedwa pH n'kutsika kufika cha pa 4, tizilombo towoletsa timaleka kugwira ntchito, ndipo udzu umakhala chomwecho chaka chathunthu kapena kuposa. Katswiri wa ku Finland, Artturi Virtanen, analandira mphoto ya Nobel mu 1945 makamaka chifukwa cha ntchito yake pa nkhani yomweyi ya kusunga chakudya cha ziweto ndi asidi. Sayileji wopangidwa bwino amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Wopangidwa mwamphwayi amataya limodzi mwa atatu, nthawi zina dzenje lonse. Ndipo chimene chimayamba kutayika ndi chija chogayika msanga, shuga ndi mapuloteni. Ulusi wolimba umatsala.

Mdani woyamba ndi madzi. Nsenjere yongomweta kumene imakhala ndi madzi magawo 80 pa 100 kapena kuposa, pamene sayileji amafuna madzi a pakati pa 65 ndi 70. Udzu ukalowa uli chonyowa, msuzi wake umatsikira pansi n'kupita ndi shuga, ndipo mabakiteriya ena otchedwa Clostridium, amene amabwera ndi dothi, amalanda dzenje. Amenewa amaphwanya mapuloteni n'kuwasandutsa amoniya. Mudzawadziwa potsegula: sayileji wakuda, woterera, wa fungo loti ngakhale musambe ndi sopo limakhalabe m'manja mpaka madzulo. Choncho mwetani m'mawa kukacha bwino, yalani udzu padzuwa ufote maola angapo, ndipo dzuwa la kuno silichedwa. Kenaka duladulani, tapani dzanja limodzi, finyani mwamphamvu mukuwerenga mpaka 30. Madzi akadontha pakati pa zala, sunafote. Mukatambasula dzanja, mpira wa udzuwo n'kumamasuka pang'onopang'ono, chikhatho chili chinyezi chabe, wafika. Ukangoti balala nthawi yomweyo, waumitsa, ndipo uvuta kutsendera.

Pa madzi pomwepa pali vuto lathulathu la kunyanja. M'madera ambiri a kuno madzi a pansi ali pafupi, ndipo m'dzinja dzenje la mita imodzi limasanduka chitsime. Munaona mmene nyanja inakwerera mu 2024. Amene muli kumchenga cha ku Senga Bay, kapena kumakande kumene madzi amaima, musakumbe. Gwiritsani ntchito migolo, matumba a pulasitiki wochindikala, kapena unjikani pamwamba pa nthaka pamalo okwera, mutamanga makoma awiri a njerwa. Amene muli kumtunda kumbani pamalo otsetsereka, ndi ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwake.

Mdani wachiwiri ndi mpweya. Udzu womweta umapumabe, ndipo ukapeza mpweya umatentha shuga wake womwe. N'chifukwa chake timaduladula tizidutswa ta masentimita 2 mpaka 3, kapena 5 ngati tikudula ndi chikwanje pachipika. Thirani muyalo wochepa, pondani, gudubuzani mgolo wodzaza madzi, makamaka m'mbali ndi m'makona, kenaka muyalo wina. Dzenje lidzaze tsiku limodzi, likachedwa masiku awiri, lichite kamtumbira pamwamba, likutidwe ndi pulasitiki, dothi pamwamba. Apa ndikuchenjezeni za sayileji wina wonyenga. Dzenje likatentha kwambiri chifukwa cha mpweya, sayileji amatuluka wofiirira, wonunkhira ngati fodya wochiza bwino, ndipo ng'ombe zimamudya mokondwa. Mwini wake amayamba kuitana anzake kuti adzaone. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kutentha kuja kwamanga mapuloteni pamodzi ndi shuga mwakuti tizilombo ta m'chifu sitingawamasule, ndipo amangodutsa kupita m'ndowe. Sayileji wabwino ndi wobiriwira mopita kuchikasu, masamba ake amaonekabe mitsempha, kafungo kake n'kowawasa pang'ono, ndipo mukapisa dzanja mkati simumva kutentha.

Vuto lachitatu ndi kuchepa kwa shuga. Udzu wa kotentha uli ndi shuga wochepa, ndiye mabakiteriya abwino aja amafuna kuwathandiza. Molasesi ndiye mankhwala ake: makilogalamu 3 mpaka 5 pa makilogalamu 100 a udzu, wosungunula ndi madzi pang'ono kuti awazike ndi kheni pa muyalo uliwonse. Ife tili ndi mwayi umene maboma ena alibe, chifukwa fakitale ya Salima Sugar ili m'boma lomwe lino ndipo ya Dwangwa ili kwa anansi athu ku Nkhotakota. Kumbukirani kokha kuti mafakitale amagaya nzimbe m'nyengo yopanda mvula, komanso molasesi wambiri wa ku Dwangwa amapita kokapanga ethanol, choncho gulu lanu lifunefune mgolo wake nthawi ikadalipo. Molasesi akasowa, wazani madeya ouma, makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 a udzu. Madeya alibe shuga wambiri, koma amamwa madzi owonjezera ndipo amakweza mphamvu ya chakudyacho. Wina ati, nanga si mwati dzenje siliwonjezera? Inde. Chawonjezerapo ndi thumba lanu, ndipo madeya sasungunula lignin.

Mukatseka, dikirani masabata 6. Muziyendera. Chiswe, makoswe, nkhuku zopalasa ndi mbuzi zokwera pamtumbira zimaboola pulasitiki, ndipo kabowo kolowa chala kamawoletsa dengu lathunthu. Tchingirani ndi minga, matani bowo tsiku lomwe mwaliona.

Mfundo yachinayi, kadyetsedwe, ndipo pano ndifulumira.

Ng'ombe ya mkaka ya makilogalamu 400 ingadye makilogalamu 20 mpaka 25 a sayileji patsiku pamodzi ndi zakudya zina. Kwa masiku 150, kuyambira mu Julayi mpaka mvula itagwa, ndi matani atatu kapena kupitirira. Dzenje lakuya mita imodzi, mulifupi mita ndi theka, mulitali mamita anayi, lotsenderedwa bwino, limasunga pafupifupi matani atatuwo. Koma kuno kotentha ndi bwino kukhala ndi maenje awiri aang'ono kusiyana ndi limodzi lalikulu, chifukwa mukangotsegula mpweya umayambanso ntchito yake. Tsegulani mbali imodzi, tapani kuchokera pamwamba mpaka pansi mofanana, tsekaninso, ndipo chimene mwatapa chidyedwe tsiku lomwelo. Yambani ndi pang'ono kwa sabata imodzi kuti tizilombo ta m'chifu tizolowere. Dyetsani mukatha kukama, chifukwa mkaka umakoka fungo. Chachuku chilichonse tayani kumanyowa. Chimadwalitsa, ndipo ng'ombe yabere itha kutaya mwana.

Ndisakunamizeni kuti sayileji wa udzu ndi chakudya chokwanira. Wa nsenjere, ngakhale wabwino, mapuloteni ake kawirikawiri amakhala pakati pa magawo 7 ndi 10. Amasunga thupi la ng'ombe ndi kupereka malita angapo, koma ng'ombe ya malita 15 imafuna zoonjezera. Zambiri tili nazo pakhomo. Masamba a lukina, osapitirira gawo limodzi mwa atatu a chakudya chonse chifukwa akachuluka amavulaza. Masamba a gilisidiya ofotetsa. Zotsalira za mtedza zosungidwa pamthunzi. Keke ya njere za thonje kwa ng'ombe zikuluzikulu. Madeya, mchere, ndi madzi okwanira. Ndipo a ku Khombedza musaiwale mitengo yanu ya nsangu, imene akatswiri a zanthaka akhala akubwera kudzaiphunzira. Nyemba zake zimagwa m'chilimwe, nthawi yeniyeni imene tizilombo ta m'chifu tikusowa mapuloteni. Tolani, sungani m'matumba, muzipereka pang'onopang'ono m'malo moti mbuzi za mudzi wonse zimalize sabata imodzi.

Wina anandifunsa panja paja za sayileji wa chimanga. N'zoona, ali ndi mphamvu kuposa wa udzu chifukwa cha njere zake, ndipo mafamu akuluakulu amadalira ameneyo. Koma ine sindingaime pamaso pa mafumu n'kuuza munthu wa ekala imodzi kuti adule chimanga chachiwisi mu Malichi apatse ng'ombe, ana akuyang'ana. Udzu sulimbirana mbale ndi munthu.

Kunena mosabisa, si ng'ombe iliyonse iyenera sayileji. Pulasitiki ndi ndalama, molasesi ndi ndalama, thukuta la masiku awiri lija nalonso ndi ndalama. Amene muli ndi ng'ombe zachikuda makumi awiri simungazikumbire zonse, ndipo musayese. Sankhani. Yoyamba ndi yokamidwa. Yachiwiri ndi yabere imene ibereke chilimwe chisanathe, chifukwa ikabereka ili yoonda imachedwa kutenganso bere, ndipo m'malo mwa thole chaka chilichonse mumapeza limodzi pa zaka ziwiri. Yachitatu ndi ng'ombe zapangolo ndi zolimira, kuyambira mu Okutobala, kuti mvula yoyamba izipeze zili ndi mphamvu. Zotsalazo zidye mapesi a chimanga ndi a mpunga, ndi udzu woumitsa, muzizipatsako nsangu ndi lukina.

A wapampando, panja pa khomo paja taikapo mitolo iwiri ya nsenjere, wina wa masabata asanu ndi awiri, wina wotsala m'dimba chaka chatha, pamodzi ndi chipika, zikwanje ziwiri ndi mgolo. Ndipempha kuti tisanayambe mafunso tituluke tonse. Aliyense athyole tsinde la mtolo uwu ndi la uwo, afinyenso udzu woduladula m'dzanja lake, kenaka tidzaze mgolowo limodzi. Mafumu atsogole, amayi atsatire, achinyamata mugwire zikwanje.